Kwa head girl amene akuti amulembera sipichi

Email yomwe ndalandira sabata ino ndi ya mtsikana wa Folomu 4, head girl pa CDSS ina. Amusankha kuti ayankhule m'malo mwa anzake pa graduation, amupatsa mphindi 5, mantha amugwira ndiye akufunsa kuti atani. Funso lake ndi lomwelo basi. Koma kumapeto wawonjezera kamzere kakuti aphunzitsi a English amuuza kuti asadandaule, amulembera iwowo, iye angoloweza. Apa ndiye pandiwawa.

Mng'ono wanga, usalole zimenezo. Ukane mwaulemu koma ukane ndithu.

Ine ndili Folomu 3 pa sukulu ina yogonera konko, kunabwera bwana wina wochokera ku likulu kudzatsegula hostel yatsopano, ndipo anasankha ine kuti ndiyankhule m'malo mwa ophunzira. Ndinasangalala mpaka kulephera kudya. Mawa lake aphunzitsi ena, omwe tonse tinkawaopa chifukwa cha chizungu chawo cha mu dikishonale, anandiitana ku staff room nkundipatsa mapepala atatu olembedwa kutsogolo ndi kumbuyo ndi bolopeni yofiira. Munali mawu oti sindinawamvepo chibadwire, auspicious, magnanimous, indefatigable, ndipo ndinauzidwa kuti ndisasinthe olo liwu limodzi. Ndiye ndinayamba kuloweza, ku prep ndikuloweza, pa mzere wa phala m'mawa ndikuloweza, kubafa ndikung'ung'udza ndekha mpaka anzanga anayamba kundiitana kuti Indefatigable, dzina lomwe linandikakamira mpaka kuchoka pa sukulupo.

Tsikulo litafika anakhoma tenti pa bwalo la netball. Alendo pa mipando ya pulasitiki kutsogolo, ife ophunzira padzuwa, makolo atayala zitenje pansi pa mitengo ya mango chakumbuyo uko. Amayi anga anabwera, anakwera matola m'bandakucha kuti adzandimve. Ndinaimirira nkunena zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi osapunthwa paliponse, ndipo ndikukumbuka kuti nthawi yonseyo bwana uja ankangotembenuza kapepala ka pulogalamu m'manja, kenako nkuyang'ana wotchi, kenako kapepala kaja. Anthu anaomba m'manja, aphunzitsi aja anagwedeza mutu mokhutira. Madzulo amayi akundipatsa chimanga chokazinga chomwe anandibweretsera anati, "Koma ndiye wayankhula chizungu mwanawe. Nanga umati chani?"

Ndinalibe choyankha chifukwa mu sipichi ija munalibemo kanthu. Masiku amenewo tinkadzuka 4 koloko kukaima pa mzere pa mjigo umodzi womwewo, nyemba zinali zofumbwa, mu hostel yakale nsikidzi zinkatidya usiku onse ndiye hostel yatsopanoyo kwa ife inali nkhani yaikulu zedi, atsikana ena anali atagona awiriawiri pa bedi limodzi kwa zaka ziwiri. Zimenezi ndi zomwe bwana uja akanazikumbukira pobwerera. M'malo mwake anamva kuti iye ndi magnanimous, zomwe ndikhulupirira anali atamva kale pa sukulu zina khumi.

Ndipo apa ndinene mosabisa, aphunzitsi amene amalembera mwana sipichi sakuthandiza mwanayo, akufuna kuti alendo amve chizungu chawo kudzera pakamwa pa mwana. Ena akwiya nazo izi, akwiye. Tili ndi matenda m'sukulu zathu oganiza kuti kuyankhula pagulu ndi mayeso a English, kuti amene watchula mawu aatali ndiye wayankhula bwino. Mawu obwereka ali ngati nsapato zobwereka, zimawala ndithu koma aliyense amaona kuti ukutsimphina. Ku debate ndiye kumanyanya, mwana kukuwa mawu oti ukamufunsa tanthauzo pambuyo pake amangoseka.

Tatiyeni tikambe za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Mu 2007 anamuika pa nsanja ya TED, msonkhano womwe anthu a m'maiko osiyanasiyana amakafotokozako nzeru ndi luso lawo, ku Arusha, Tanzania, ali ndi zaka 19. Chizungu chake chinali chochepa, ankayankha mafunso mwachidule, mawu awiri atatu nkuima. Iye mwini atabwerera ku TED mu 2009 ku Oxford anafotokoza kuti tsiku loyambalo mantha anamugwira kwambiri, chizungu chinamuthawa, anafuna kusanza, komanso anali asanazunguliridwepo ndi azungu ochuluka choncho. Koma anthu a m'holo imeneyo anamumvetsera ndipo ena anadzipereka kumuthandiza maphunziro. Chifukwa chani? Anali ndi chinthu chenicheni choti anene, makina opanga magetsi ndi mphepo omwe anamanga ali ndi zaka 14 pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi fani ya thirakitala. Munthu ukakhala ndi nkhani yoona anthu amakukhululukira grammar. Ukakhala ndi grammar yokha palibe chokhululuka, amangodikira kuti umalize.

Nkhani ya chilankhulo nayonso imandisowetsa mtendere. Pa graduation theka la anthu ndi makolo, agogo, azakhali omwe agulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti fizi ilipiridwe, ndiye mwana aimirire mphindi 5 kuthokoza makolo m'chilankhulo chomwe makolowo sakumva, eti ndiye ulemu umenewo? Ngakhale Kamuzu, yemwe ankayankhula chizungu pa misonkhano yake atabwerera kuno mu 1958, ankakhala ndi womasulira pambali pake, John Msonthi kenako John Tembo, chifukwa ankadziwa kuti uthenga ukapanda kufika kwa anthu wangotaya mpweya. Ndiye ife ndi ndani kuti tiziumirira. Ndikudziwa sukulu zambiri zili ndi lamulo la English speaking, ena a ife tinavalapo kachikwangwani pakhosi chifukwa chogwidwa tikuyankhula Chichewa, koma pempha ahedi kuti gawo loyankhula kwa makolo ulinene m'Chichewa. Ahedi ambiri savuta pa zimenezi, makamaka ukawapempha nthawi ikadalipo.

Kenako pali nkhani ya malonje yomwe imatidyera nthawi paliponse, ku maliro, ku ukwati, ku msonkhano wa PTA. Aliyense woimirira ayambirenso mndandanda wonse, mlendo wolemekezeka, a MP, a khansala, a Gulupu, amfumu onse mmene mwakhaliramu, abusa, apampando a komiti, achiwiri awo, mpaka mphindi ziwiri zatha munthu asananene chomwe waimirira. Ena pothawa zimenezo amangoti all protocols observed, zomwenso kwa ine ndi ulesi wovala suti. Iwe tchula mlendo wamkulu, ahedi, amfumu, kenako makolo, aphunzitsi ndi anzako, basi. Amfumu okha usawadumphe zivute zitani, sukulu ili pa malo awo ndipo nkhani yake siitha msanga. Maudindo ufunse kwa a deputy dzulo lake kuti usatchule a Gulupu ngati nyakwawa wamba.

Za kutalika, mphindi 5 wapatsidwazo ndi zambiri kale. Abraham Lincoln, pulezidenti wa America nthawi imeneyo, ku Gettysburg mu November 1863 anayankhula pafupifupi mphindi 2 zokha, pamene Edward Everett yemwe anayankhula iye asanaimirire anatenga maola 2. Lero ana a sukulu ku America amaloweza za Lincoln, za Everett zimadziwika ndi akatswiri a mbiri. Ndiye ukamaliza pa mphindi 4 palibe amene akakudandaule, anthu amakhala akuganiza za mpunga.

Ndiye uchite chani

Khala pansi ndi kope ulembe wekha, kaye m'Chichewa ngati ndi mmene maganizo akubwerera. Dzifunse kuti anthuwa akamabwerera kwawo ukufuna akumbukire chinthu chimodzi chiti, chimodzi osati zisanu. Kenako peza nkhani imodzi yoona ya kalasi lanu yonyamula chinthu chimenecho, kaya ndi nthawi yomwe munkawerengera limodzi buku limodzi la Biology anthu ambirimbiri, kaya ndi mnzanu amene anasiya sukulu nkubwereranso, koma ameneyo umupemphe kaye chilolezo. Ngati pali dandaulo, la madesiki kapena zimbudzi, linene kamodzi mwaulemu ngati pempho, osanyoza munthu. Ukatero upite nayo kwa aphunzitsi aja unene kuti, "Madamu, ndayesera kulemba ndekha, mungandikonzereko molakwika?" Apo ndiye ntchito yawo yeniyeni.

Usaloweze liwu ndi liwu, chifukwa woloweza akaiwala liwu limodzi zonse zimagwa. Lemba mitu yokha pa kakhadi kokwana m'dzanja, ndipo uyeserere utaimirira, mokweza, mnzako akuwerenga nthawi pa foni. Kuwerenga chamumtima uli gone pa bedi sikuyeserera ayi. Chiganizo choyamba ndi chomaliza zokhazo ndiye uzidziwe ngati dzina lako.

Mantha satha, ndisakunamize, ine mpaka lero mawondo amanjenjemera ndikaitanidwa kutsogolo. Ukafika pamalopo usathamangire kuyamba, ima, puma kawiri, peza nkhope zitatu zokukonda, ina kumanzere ina pakati ina kumanja, uziyankhula ndi zimenezo mosinthana. Usayambe ndi kupepesa zoti sindine wodziwa kuyankhula. Ukaiwala khala chete uyang'ane kakhadi, kwa iwe zioneka ngati chaka koma kwa omvera ndi kamphindi chabe. Maiki uigwire pafupi ndi kamwa osaiuzira kapena kuimenya, ndipo ngati nkotheka uiyese m'mawa anthu asanabwere. Magetsi akathima, zomwe zimachitika, usadikire jenereta, kweza mawu uziyankhula ndi agogo akhala kumbuyo kwenikweni aja.

China chomwe ana ambiri amaiwala pothokoza ndi anthu osaphunzitsa, alonda, osesa, amayi ogulitsa mandasi ndi zigumu pa geti omwe akukongozani kangapo pa break. Atchule. Ndipo alondawo ufufuze dzina lawo lenileni tsikulo lisanafike, chifukwa ndikudziwa mwatha zaka zinayi mukungowaitana kuti awotchi.