Mfuti ya .22 yotchipa ikumwaza zipolopolo: muyambire pati?

Bambo wina wa ku Katete watilembera imelo. Ali ndi mfuti ya .22 ya Norinco JW-15 yomwe anagula kwa munthu, mapepala ndi laisensi zonse zili m'malo, ndipo anaikapo sikopu (galasi loyang'anira polasa) yotsika mtengo. Akaika chandamale pa mamita 50, zipolopolo zisanu zimamwazika malo aakulu ngati chikhatho. Funso lawo ndi lakuti: agulitse n'kugula mfuti ya kampani ya CZ ya ku Czech, kapena ayambe agula sikopu yodula?

Bambo, musagulitse kaye, ndipo ndalama ya sikopu isungeni. JW-15 anaipanga ku China potengera mfuti za Brno za ku Czech, ndipo zambiri za mtundu umenewu zikapeza zipolopolo zoyenera zimalasa zisanu pamalo a masentimita 2 kapena 3 pa mamita 50. Kumwazika kwa chikhatho kawirikawiri kumachokera pa zinthu zing'onozing'ono zomwe mungakonze nokha. Koma muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kulemba m'kope zomwe zachitika. Mukasintha zitatu limodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Poyamba mfuti ikhale pokhazikika, kuti manja anu asalowerere. Dulani miyendo ya jinzi yakale, thiranimo mchenga wouma wosefa, mangani mbali zonse. Thumba lalikulu likhale pansi pa thabwa la kutsogolo, laling'ono pansi pa thako la mfuti, ndipo dzanja lanu lamanzere lizifinya thumba lakumbuyolo pokweza kapena kutsitsa. Mpope usagunde thumba ngakhale pang'ono, chifukwa ukawombera umanjenjemera ndipo ukagunda chinthu umaponya chipolopolo kwina. Tebulo la pulasitiki logwedera lisiyeni. Ndi bwino kugona pansi pa mphasa.

Kenako masikuluwu. Amene amamangirira chitsulo ku thabwa amamasuka okha, makamaka kuno kwathu komwe thabwa limafufuma ndi mvula ya Disembala mpaka Malichi, n'kudzauma gwa mu Okutobala. Ngati muli ndi sikuludiraiva yoyeza mphamvu, ikani pa 2.5 Nm kapena pafupi pamenepo; timasikuluwu ta mphete zogwirizira sikopu pa mfuti tisapitirire 2 Nm. Ngati mulibe, gwirani sikuludiraiva ndi zala zitatu zokha ndipo mulekeze pamene yalimba. Kukanikiza ndi mphamvu zonse kumaphwanya thabwa ndi kutiwiza chubu cha sikopu. Jambulani kamzere ndi pensulo pa chubu m'mbali mwa mphete, kuti sikopu ikamayenda muione. Mukatero lowetsani pepala la kwacha pakati pa mpope ndi thabwa, n'kulikokera chakumbuyo. Mfuti zina zamtundu wa Brno zili ndi sikuluwu yomangira pansi pa mpope, choncho pepala likaima pamenepo si vuto. Vuto ndi pamene thabwa lapindika n'kumakankha mpope mbali imodzi. Pamenepo chotsani thabwa, kulungani sandipepa pa kamtengo kozungulira, palani pang'onopang'ono pokhudzapo pokha, ndipo pakani vanishi kuti chinyezi chisalowe.

Nkhani yaikulu ili pa zipolopolo, ndipo apa m'pamene ndalama yanu iyenera kupita. Anthu ambiri amagula zolembedwa High Velocity poganiza kuti zothamanga ndiye zolasa bwino. Zimenezi zimachoka pa mpope ndi liwiro la mamita pafupifupi 380 pa sekondi, kuposa liwiro la phokoso lomwe ndi mamita 343 pa sekondi, ndipo zikamachepa mphamvu n'kudutsa malire amenewo zili m'njira, mphepo imazikankha kwambiri. Zolembedwa Standard Velocity kapena Subsonic zimayambira pa mamita 320 mpaka 330 pa sekondi, pansi pa malirewo, ndipo opikisana pa chandamale amagwiritsa ntchito zimenezi. CCI Standard Velocity, SK Standard Plus ndi Eley Club ndi zina mwa zomwe mungafunse kwa ogulitsa ovomerezeka, malinga ndi zimene laisensi yanu ikulola.

Mfuti iliyonse ya .22 ili ndi zomwe imakonda, moti ziwiri zotuluka m'fakitale imodzi zimatha kusiyana. Gulani bokosi limodzi la zipolopolo 50 pa mitundu itatu. Pa mtundu uliwonse, khumi zoyambirira musaziwerengere, chifukwa zipolopolozi zimakhala ndi phula kunja ndipo mpope umafuna kuyamba wazolowera phula latsopanolo. Kenako womberani magulu asanu a zipolopolo zisanu, gulu lililonse pa kadontho kake. Yezani ndi rula kuyambira pakati pa bowo lina kufika pakati pa bowo lotalikirana nalo kwambiri, phatikizani magulu asanuwo n'kugawa ndi 5. Gulu limodzi lokongola la zipolopolo zitatu lisakunamizeni, ndi mwayi chabe. Mukapeza mtundu wabwino, onani nambala ya loti (gulu la zipolopolo zopangidwa limodzi) pa bokosi ndipo mugule ena a nambala yomweyo akadalipo.

Pa nthawi yonseyi musakhudze zotembenuza za sikopu. Tikufuna mabowo ayandikane, kaya agwera kumanzere kapena kumtunda. Kuwabweretsa pakati ndi ntchito yomaliza ndipo njosavuta: pa sikopu yolembedwa 1/4 MOA, kudina kamodzi kumasuntha polasa ndi mamilimita pafupifupi 3.6 pa mamita 50, ndiye gulu likakhala masentimita 3 kumanja, dinani kasanu ndi katatu chakumanzere.

Sikopu yotchipa ili ndi msampha umodzi womwe ambiri saudziwa. Siyani mfuti pa matumba osaigwira, yang'anani mkati, gwedezani mutu pang'ono uku ndi uku. Mtanda wa mkatiwo ukamayendayenda pa chandamale, sikopuyo anaikonzera mtunda wina, kawirikawiri mayadi 100 a mfuti zikuluzikulu. Ngati ili ndi mphete yotembenuza kutsogolo, ikani pa 50. Ngati ilibe, tsaya lanu lizigona malo omwewo nthawi zonse. Matani kachidutswa ka tepi pa thabwa kuti muzikamva.

Chala chizikoka triga molunjika kumbuyo, mosadzidzimutsa, mutatulutsa mpweya n'kuima pang'ono, ndipo diso likhalebe mu sikopu mpaka muone bowo. Triga ikakhala yolimba, chonde musaipale ndi felo. Mfuti yopalidwa molakwika imawomba yokha potseka boti, chitsulo chokankhira ndi kutsekera chipolopolo mu mpope. Musaiwombenso yopanda kanthu, chifukwa pa .22 kapini kamatha kumenya m'mphepete mwa polowera chipolopolo n'kuwononga. Ikanimo chikhokho cha chipolopolo chowombera kale.

Kutsuka kwambiri nako kumasokoneza. Tsukani mfuti ikayamba kumwaza kapena ikanyowa, ndipo ndodo izilowera kumbuyo mutachotsa boti. Yang'anitsitsani kukamwa kwa mpope ndi tochi ya foni: mkombero uyenera kukhala wosalala mozungulira. Kachibenthu kamodzi kokha pamenepo kamatulutsa mpweya mbali imodzi n'kupotoza chipolopolo, ndipo mfuti zogula kwa anthu nthawi zambiri zimakhala zitagundidwa pansi kapena m'galimoto. Izi zimafuna mmisiri wa mfuti wovomerezeka, ndipo kukonza kwake sikufika pa mtengo wa mfuti yatsopano.

Tsiku loyesera lisankheni bwino. Mphepo yodutsa cham'mbali ya makilomita 16 pa ola imasuntha chipolopolo cha .22 masentimita oposa 2 pa mamita 50, ndiye masana a Ogasiti ndi Seputembala simungaphunzirepo kanthu. Mu Okutobala dzuwa likakwera, chandamale chimaoneka ngati chikuvina mu sikopu. Pitani mbandakucha, ndipo mangirirani kansalu kopepuka pa ndodo pakati pa mtunda, muziwombera pokhapokha kakugwa mofanana. Kumbuyo kwa pepala kukhale chulu chachikulu kapena mulu wa dothi lopanda miyala, osati thanthwe kapena madzi a pa damu, pomwe chipolopolo chimanjanja. Chipolopolo cha .22 chimauluka kupitirira kilomita ndi theka, choncho zungulirani kaye kuseri kwa chulucho muone ngati kulibe kanjira ka ku dimba kapena ana abusa ndi ng'ombe zawo.