Ndulu anachotsa, nanga miyalayi yachokera kuti?

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, wanditumizira imelo. Amuna awo anawachotsa ndulu chaka chatha, koma ululu wabwereranso, thupi likutentha, maso achita chikasu, ndipo ekografiya (kuunika m'mimba ndi makina) yaonetsa miyala mkati mwenimweni mwa chiwindi. Akuchimuna akuti anadyetsedwa. Mayiwa akufunsa komwe miyalayo yachokera, ndiponso ngati mandimu osakaniza ndi mafuta a olivi angaisungunule.

Mayi, mawu akuti "anadyetsedwa" ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndi omwewo anatichedwetsera azakhali anga. Anali munthu wolimba, mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, wosenza yekha thumba mpaka kumsewu. Matenda awo ankabwera n'kupita. Ankayamba ndi kunjenjemera usiku, mano gwegwegwe, kenako ululu pansi pa nthiti za kumanja. Aliyense ankangoti malungo. Amwa mankhwala ogula pamsika, sabata ikatha apezako bwino, khasu paphewa. Pakapita miyezi, zomwe zija. Kenako mkodzo unada, chimbudzi chinayamba kutuwa, ndipo khungu linkawayabwa moti ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi. Apa m'pamene abale anasiya za malungo n'kuyamba kuloza chala mkazi mnzawo wa pamitala. Anawatema mphini pamimba ponse, kuwamwetsa zosanzitsa, mbuzi n'kumapita kwa sing'anga. Pomwe tinkafika nawo kuchipatala mumzinda wa Tete, chiwindi chinali ndi mafinya kale, ndipo sanabwerere kumudzi ndi moyo. Mayi wolozedwa chala uja anasamuka, ana ake mpaka lero satipatsa moni.

Ife kuno nkhani ya kudyetsedwa imatigwira msanga. Kumbukirani za ku Chitima, m'chigawo cha Tete, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anamwalira atamwa pombe pamaliro. Dzuwa lisanalowe mphekesera inali itafala kuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya amene anamera mu ufa wa chimanga womwe unanyowa ndi madzi osefukira. Mayi wofulula mowawo nayenso anali m'gulu la omwalira. Koma kafunseni pamsika lero, ambiri akuuzanibe za ng'ona.

Za mandimu ndi mafutazo ndiye zimandikwiyitsa. Amene amazifalitsa pa WhatsApp amaonetsa timibulu tobiriwira totuluka m'chimbudzi, amvekere "onani miyala yatuluka". Si miyala imeneyo. Ndi mafuta omwewo amene aundana m'matumbo atakumana ndi madzi a mandimu. Munthu amene amagulitsa botolo lotere kwa wodwala wa maso achikasu ndi wakuba, kaya wavala taye kaya wanyamula nsupa.

Komwe miyala imachokera

Madzi a ndulu sapangidwa m'kathumba kaja anachotsa. Amapangidwa m'chiwindi, theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse, n'kumatsika m'timitsempha tambirimbiri tomwe timakumana ngati ngalande za kudimba, mpaka kukathira m'matumbo. Kathumbako n'kosungira chabe. Kamtsempha kena kakaphinjika, madzi amaima, mabakiteriya ochokera m'matumbo monga E. coli amakwera n'kuswana, ndipo matope a ndulu amaundana kukhala miyala yofiirira, yofewa, yotha kuphwanyika ndi zala. Kawirikawiri imakonda mbali ya kumanzere kwa chiwindi. Matendawa madokotala amati hepatolithiasis, ndipo ngofala kwambiri ku Taiwan, China, Korea ndi Japan, komwe amawagwirizanitsa ndi kusadya mokwanira komanso tizilombo ta mu nsomba zodyedwa zosaphika. Kwathu kuno choti tiope ndi njoka zam'mimba, zija zazitali zotuwa, chifukwa zimatha kukwera kulowa m'njira ya ndulu, ikaferamo zidutswa zake ndi mazira n'kukhala phata la mwala. Anthu amaseka ndikanena kuti kam'bulu ka albendazole, mankhwala ophera njokazi, ndi chimbudzi chokumba bwino zimateteza chiwindi, koma ndi mmene zilili.

Miyala yotere ikangosiyidwa, mafinya amabwerezabwereza, chiwindi chimauma, ndipo ena amadzadwala khansa ya m'timitsempha tomweto.

Tsono mayi, ululu wa kumanja, kutentha thupi konjenjemeretsa ndi chikasu zikakumana pamodzi, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti abale agwirizane. Kwerani chapa (minibasi) kupita kuchipatala. Akayeza malungo n'kusawapeza, onetsani pepala la ekografiya lija. Choyamba ndi maantibayotiki a m'diripi. Pambuyo pake miyala amaichotsa ndi kachubu kodzera kukamwa kapena koboola pakhungu, ndipo ikadzaza mbali imodzi amadula mbali imeneyo, yotsalayo imakula n'kugwira ntchito. Funsani adokotala kuti miyala ili mbali iti, ngati pali mtsempha wophinjika, komanso ngati pafunika kalata yokutumizani ku Beira kapena ku Maputo. Miyalayi imakonda kubwerera ngakhale ataichotsa, ndiye tsiku lokaonedwanso musaliphonye ngakhale bambowo atanenepa, ndipo kachasu asiyiretu.