Funsani Tiyankhe: Ulendo wa ku Chembe ndi chikwama cha kumsana

Ndili ndi tchuthi cha masiku asanu. Ndikufuna kukapuma kumudzi wa m'mbali mwa nyanja kopanda phokoso, ndipo anzanga akundiuza za Cape Maclear. Ndidutse kuti? Masikuwa andikwanira? — Mnyamata wa ku Kalingalinga

Achimwene, malo amene azungu amati Cape Maclear eni ake amati ku Chembe. Ndi mudzi wa asodzi m'boma la Mangochi, kumwera kwa nyanja ya Malawi. Masiku asanu ndi ochepa, chifukwa awiri mudzawathera mumsewu popita, awiri pobwera. Pemphani asanu ndi awiri.

Kwerani basi ya m'mamawa pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka yopita ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Mukafika madzulo, gonani ku Chipata komweko. M'mawa mwake pitani pachipata cha Mwami, mudinditse pasipoti, mudutse Mchinji mpaka ku Lilongwe. Wa pasipoti ya Zambia safunika viza. Ku Lilongwe funsani minibasi ya ku Monkey Bay, ndipo munyamuke nthawi isanakwane 12 koloko, chifukwa minibasi siichoka isanadzaze, komanso ena amakusinthitsani galimoto panjira ngakhale anakuuzani kuti ipita molunjika. Mudzatsike pamphambano ya ku Cape Maclear musanalowe m'tawuni ya Monkey Bay. Kuchokera pamenepo patsala makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri, ndipo mumayenda pa kabaza wa njinga yamoto kapena pa matola. Kukada, zoyendera zimasowa ndipo mtengo umakwera. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo chikwama chimangidwe kumbuyo kwa njinga, osati kuchibereka, chifukwa pachitunda chimakukokerani chagada.

Ndinyamule ndalama zanji? Khadi langa la kubanki ligwira ntchito? — Mayi a ku Matero

Mayi, khadilo musalidalire. Tengani Kwacha ya Malawi yokwanira ulendo wonse mukadali ku Lilongwe, kubanki kapena kosinthira ndalama kovomerezeka. Anyamata osintha ndalama pachipata amawerenga mofulumira, ndipo mlendo amene sanazolowere mapepala a ndalama za kumeneko amapusitsidwa mosavuta. Gulaninso SIM ya Airtel Malawi kapena TNM, muilembetse ndi pasipoti, muikemo ndalama zina pa Airtel Money kapena Mpamba. Zotsala muzigawe pawiri, zina m'chikwama, zina pathupi. Magetsi amazimazima, choncho tochi ndi power bank zisatsale.

Ndamva kuti m'nyanjamo muli likodzo. Kodi ndi zoona, kapena ndi mabodza oopsezera alendo? — Bambo Phiri, Chelstone

Ndi zoona, bambo, ndipo iyi ndi nkhani imene tikufuna aliyense aimvetse asananyamuke. Tizilombo ta likodzo timakhala mu nkhono zazing'ono za m'madzi. Tikatuluka mu nkhonomo timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kungoima m'madzi. Simufunika kumwa madziwo kuti mudwale. Ngozi imakula m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi, pamene pali bango ndi udzu, ndiponso pamene anthu amachapira ndi kutsuka mbale. Kumiyala ya kuzilumba ngati Thumbi ndi Domwe chiopsezo chimachepa, koma sichitheratu.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: amagula mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel n'kumwa tsiku lochoka kunyanja, n'kumati athana nazo. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, zazing'ono siziferapo, ndipo kuti zikhwime pamatenga masabata 6 mpaka 8. Lembani tsiku lomaliza limene munalowa m'madzi, muwerenge miyezi iwiri, kenako mupite kuchipatala kuno ku Lusaka mukawauze kumene munali. Mlingo umatengera kulemera kwa thupi, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, kotero munthu wa makilogalamu 60 amalandira mapiritsi anayi a 600 mg. Amamwedwa mutadya, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa nseru ndi chizungulire. Musadikire kuona magazi mumkodzo. Ena saona chizindikiro chilichonse pamene mazira a nyongolotsizo akuwononga chikhodzodzo mwakachetechete.

Malungo nawonso ndi ambiri kunyanja kuposa kuno. Amishoni a Livingstonia amene anamanga ku Cape Maclear mu 1875 anasamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo omwewa, ndipo manda a anzawo akadalipo. Nyamulani neti yanu, popeza ya m'zipinda zotchipa imakhala yobooka. Thupi likatentha, kaya muli komweko kaya mwabwerako, kayezetseni magazi tsiku lomwelo.

Ndipite mwezi uti, ndipo kumeneko ndikachite chiyani? — Mtsikana wa ku UNZA

Achemwali, ife tingasankhe Meyi kapena Seputembala. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo ya kumwera imene imautsa mafunde aakulu. Asodzi akati lero sitipita, inunso musapite, ngakhale wa boti wina akulonjezeni mtengo wotsika. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa. Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri.

Derali lili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa pamndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984 chifukwa cha tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna. Bwerekani galasi losambirira mukatione ku Otter Point kapena ku Thumbi, ndipo konzani ndalama yolowera m'paki. M'mawa pitani kudooko mukaone mabwato akubwera ndi usipa umene aupha usiku ndi nyali, n'kuuyanika pamathandala. Chambo ndi kampango itanitsani msanga, chifukwa m'malesitilanti ang'onoang'ono amayamba kuphika mukaitanitsa, ndipo nsima ikhoza kukupezani patapita maola awiri.

Ku Chembe ndi kwa eni, si gombe la alendo okha. Zovala zosambira zithere pamchenga wa pamalo ogona. Polowa m'mudzi mangani chitenje, perekani moni kwa akuluakulu, ndipo musajambule amayi amene akusamba kapena kuchapa musanawapemphe. Usiku musasambe, ndipo funsani eni mudzi malo amene kumaoneka ng'ona kapena mvuu musanapite patali ndi gombe.