Mayi a ku Tsangano afunsa za silaji wa nkhukundembo, ine ndiye ndayankha motalika

Mayi ena a ku Tsangano andilembera imelo. Akuti rasau, chakudya chogula cha ziweto chija, wakwera mtengo, aona kanema pa Facebook wina akuti chimanga chodula chisanaume nkuchikwirira m'dzenje, chomwe amati silaji, chitha kulowa m'malo mwa chakudya chogula, ndiye akufunsa ngati angayambire pa tiana ta nkhukundembo tomwe aswetsa kumene. Mayi ndakumvani, ndipo pepani ndilankhula zambiri chifukwa funso lanuli landigwira penapake.

Ine nkhukundembo ndinazidziwira kwa azakhali anga ku Domue. Iwowo analibe ng'ombe, fodya sankalima, chuma chawo chinali mbalame zimenezi basi, Disembala ikamayandikira anthu amachita kubwera pa njinga yamoto kuchokera ku Ulongwe kudzagula atambala akuluakulu aja a Khrisimasi, ena nkumakagulitsanso ku Tete kwa anthu ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Makope athu, yunifomu, malata a nyumba yawo, zonse zinachokera m'khola lija. Ndiye chaka china kunabwera munthu wina wodziwa kulankhula, dzina lake silofunika, anasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo nkuwauza kuti mukutaya ndalama, dulani msipu, sakanizani ndi gaga wonyowa, ikani m'matumba mumange, pakatha masabata awiri muli ndi chakudya chaulere. Matumba ake anali a feteleza aja olukidwa, olowa mpweya mbali zonse, komatu iye sananene kanthu za mpweya. Azakhali anachita monga anauzidwa. Potsegula pamwamba panali poyera ngati pagwa ufa, penapake pobiriwira, iwo anangopala pamwambapo nkupatsa tiana chapansicho poti chimaoneka bwinobwino. Tiana tinayamba kuzyolika, mapiko pansi, kudya osadya, m'mawa uliwonse kutola takufa m'khola, mpaka mzere wonse wa chaka chimenecho unatha psiti. Ndimawakumbukira atakhala pakhonde osalankhula, anthu m'mudzi ena kumati ndi chitopa, ena kumati aponyeredwa ndi a nsanje, munthu uja sanaonekenso.

Ndichifukwa chake ndikamaona makanema otere mtima umandiwawa. Wopanga kanemayo sataya kanthu, wotaya ndi mayi amene wadikira masiku 28 kuti mazira aswe.

Tiyeni tinene zoona zake. Silaji anapangira ng'ombe. Ng'ombe ili ndi mimba ya zigawo zinayi, m'chifu chake chachikulu chija muli tizilombo tomwe timaphwanya mapesi ndi udzu nkuzisandutsa chakudya, ndiye kwa anthu a ng'ombe kuno ku Angónia ndi ku Tsangano ndimati pangani silaji, musachedwe, Okutobala akafika ng'ombe zokoka ngolo zija zimachita kuoneka nthiti pomwe mu Malichi msipu umangowola m'madambo. Koma nkhukundembo ilibe chifu chotere, ili ndi chithokomiro ndi nthutumba, matumbo ake ndi aafupi, phesi likalowa limangodutsa. Silaji wa chimanga chathunthu, mapesi ndi zitsononkho zomwe, magawo awiri mwa atatu ndi madzi, ndipo mukachotsa madziwo mapuloteni ake amangokhala 7 kapena 8 pa 100 iliyonse. Pomwe kamwana ka nkhukundembo m'masabata oyambirira kamafuna chakudya cha mapuloteni cha m'ma 28 pa 100, kuposa ngakhale anapiye a bulayila omwe amakhutira ndi 22 kapena 23. Kachithokomiro kake nkakang'ono, mukakadzadza ndi mapesi onyowa ndiye kuti kakhuta koma kagona ndi njala. Ngakhale mgaiwa weniweni uli ndi 8 kapena 9 yokha, ndiye amene amangopatsa tiana ufa wonyowetsa nkumadabwa kuti bwanji sitikukula, yankho lake ndi lomweli.

Koma chomwe chimandiopsa kwambiri si kuchepa kwa mapuloteni ayi, ndi chuku. Anthu ambiri sadziwa kuti poizoni wa chuku uja timamumva pa wailesi pa nkhani ya mtedza, aflatoxin, anadziwika chifukwa cha nkhukundembo. Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000, madokotala a ziweto osadziwa kuti nchiyani mpaka matendawo anangowatcha Turkey X, atafufuza anapeza kuti gwero lake linali chakudya chokhala ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil umene unagwidwa chuku. Pa mbalame zoweta, nkhukundembo ndi abakha aang'ono ndi omwe chiwindi chawo chimagonja msanga ndi poizoni ameneyu, nkhuku yachikuda itha kudya chomwecho nkumayendabe, kamwana ka nkhukundembo ayi. Ndipo kupala pamwamba sikuthandiza, poizoniyo saoneka ndi maso, kuphika wamba sikumupha. Pamenepa ndinenenso za chizolowezi chathu chija, tikamasankha mtedza wopita nawo ku Lizulu kapena ku Calomue, wowola ndi wofota uja timati aaa uyu ndi wa nkhuku, chimanga chowola cha pansi pa nkhokwe nachonso ndi cha nkhuku. Siyani zimenezo chonde. Ngati inu simungadye musaponyere nkhukundembo, ndipo ine pa mfundo iyi sindisuntha, ngakhale wina anene kuti agogo ake ankatero kalekale.

Kenaka pali nkhani ya khola. Pakhomo pathu pano nkhuku, abakha, nkhanga ndi nkhukundembo zimagona pamodzi, kudya pamodzi, ndipo tiana tikafa timaloza chakudya pomwe nthawi zina vuto ndi nkhuku zomwezo. Nkhuku zimasunga kanyongolotsi kena m'matumbo kamene kamanyamula matenda aja amati blackhead, izo sizidwala kwenikweni koma nkhukundembo zazing'ono zikatola pansi pomwe nkhuku zanyera zimayamba kutsegula m'mimba chimbudzi chachikasu chowala, chiwindi chimachita mabanga, kenaka kufa. Onjezani kuzizira kwathu kuno, Juni ndi Julayi ku Tsangano mukukudziwa inu nomwe kuposa ine, mame a m'mawa okha amatha kupha kamwana komwe kanyowa kakutsatira make mu udzu. Ndiye munthu akamakuuzani kuti vuto lanu lonse ndi mtengo wa rasau ndipo mankhwala ake ndi dzenje, ameneyo sanaweteko nkhukundembo.

Sindikunyoza kufuna kuchepetsa ndalama ayi. Thumba la rasau kuti lifike kumudzi kuno ladutsa manja angati, wina walikweza ku Tete, wina wawolokera nalo ku Dedza nkusintha metikali kupita ku kwacha, mtengo ukamafika pakhomo mutu waima. Chimene chimandipweteka nchakuti dera lathu lino ndi lomwe limalima soya ndi chimanga chambiri m'chigawo chonse cha Tete, timagulitsa motchipa nthawi yokolola kwa ogula a masikelo aja, patapita miyezi ingapo soya yemweyo abwerera m'thumba lolembedwa bwino ife nkumalira mtengo. Chakudya chotchipa cha nkhukundembo chili m'munda mwathu kale, si mapesi, ndi soya.

Nanga silajiyo ayi ndithu?

Ayi sindinatero. Kwa nkhukundembo silaji ndi ndiwo, nsima yake ndi chimanga ndi soya. Zikakula zimakonda zobiriwira kwambiri, kuposa nkhuku, mukazisiya zimathera tsiku kubudula bonongwe, chisoso, masamba a maungu, kugwira ziwala. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba kunja kumakhala kuli gwa, tchire lapsa, amene alibe dimba alibe chobiriwira choti aponye m'khola, apa ndiye pomwe silaji angathandize. Koma asakhale wa mapesi a chimanga kapena nsenjere, akhale wa masamba ofewa. Kholowa ndiye woyamba, mukamakumba mbatata musataye zingwe zake, masamba a mbatata ali ndi mapuloteni ambiri kuposa mapesi kutalitali, ndipo a bungwe lofufuza za mbatata la CIP akhala akuphunzitsa alimi a nkhumba ku Uganda ndi ku Kenya kusunga kholowa mwa njira imeneyi. Chigwada nachonso chimatheka koma chiyambe chafota padzuwa chifukwa chachiwisi chili ndi poizoni wake uja tonse timamudziwa. Lukina pang'ono pokha, akachuluka amabweza kukula mmbuyo.

Kapangidwe kake

Dulani kholowa tizidutswa ting'onoting'ono, yanikani tsiku limodzi kuti afote, mukafinya m'manja madzi asamadonthe. Sakanizani ndi gaga wouma wopanda chuku, muyezo umodzi wa gaga pa miyezo 10 ya masamba poyeza kulemera. Dzenje lisiyeni, ndi la anthu a ng'ombe, inu tengani zigubu kapena ndowa za pulasitiki zotsekeka bwino, zing'onozing'ono zingapo osati mgolo umodzi waukulu, chifukwa mukangotsegula mpweya walowa ndipo pamasiku ochepa chuku chayamba, nkhukundembo zochepa sizingamalize mgolo. Tsindirani mwamphamvu mpaka chidzadze, pulasitiki pamwamba, tsekani, mangani ndi mphira, ikani pamthunzi masiku osachepera 21. Tizilombo tabwino timadya shuga wa m'masambamo nkutulutsa asidi, asidiyo ndi amene amaletsa kuwola, ndipo ntchitoyo imatheka pokhapokha mulibe mpweya. Wabwino amanunkhira kowawasa, mtundu wake wobiriwira mopita ku chikasu. Wakuda, woterera, wonunkha chowola kapena wa mabanga oyera, kwirirani chigubu chonse, musapale.

Tsono yankho lanu mayi. Tiana tomwe mwaswetsato musatipatse silaji ngakhale pang'ono mpaka titakwana masabata 8. Ngati pali ndalama yoti muwononge, iwonongereni pano, gulani rasau woyambira, ndipo ngati mwapeza wa anapiye a bulayila yekha muzionjezera dzira lowiritsa lonyenyanyenya, chiswe, kapena zinyenyeswa za kapenta wa ku Cahora Bassa mutaziviika kaye m'madzi kuti mchere uchoke, poti mchere wambiri nawonso umapha tiana. Tikhale potentha, pouma, kutali ndi nkhuku. Tikapitirira pamenepo yambani kusakaniza nokha, mgaiwa ndi soya wokazinga mpaka fungo lachiwisi lija lithe, wosakazinga amatsekereza kugaya chakudya m'mimba, ndipo silaji wa kholowa azibwera pambali, kadzanja kamodzi pa mbalame masana zitadya kale chakudya chenicheni, chotsala muchotse madzulo chisagone m'chodyera. Katemera wa chitopa uja wodontheza m'diso, I-2, amayenda mu Malichi, Julayi ndi Novembala, funsani atekiniko a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi kwanuko, akuuzeni wotemera wa m'dera lanu ndipo muwauze kuti pakhomo pali nkhukundembo osati nkhuku zokha.

Mundilemberenso mundiuze ngati soya muli naye m'nyumba ndi kuti mbalame zazikulu zilipo zingati, ndikuwerengerani muyezo wa mgaiwa ndi soya pa ndowa yomwe mumayezera kwanuko.