Laputopu yasiya kutulutsa mawu itangoikidwa Windows 11, musathamangire kufomata

Ndalandira imelo kuchokera ku Nkhotakota, kwa achimwene ena omwe ali ndi kashopu koikira anthu nyimbo m'ma memory card. Akuti laputopu yawo ya HP inali pa Windows 10, sabata yathayi mnyamata wina wawaikira Windows 11, ndiye chiikireni mawu palibe, pa kachizindikiro ka sipika kakumunsi kudzanja lamanja kaja pali ka X kofiira. Wokonza wina wawauza kuti sound card, kachipangizo koyendetsa mawu m'kati mwa laputopu, yapsa, abweretse ndalama. Akufunsa kuti apereke kapena angofomata.

Achimwene, zonse ziwirizo taimani nazo kaye. Sound card siipsa chifukwa choti mwasintha Windows ayi. Makina omwe ankaliza bwinobwino nyimbo dzana, lero ali zii ndipo chomwe chasintha ndi Windows yokha, pamenepo wolakwa nthawi zambiri amakhala driver, kapulogalamu kolumikiza Windows ndi sound card. Driver ili ngati womasulira kutchalitchi, mlaliki wasintha koma womasulira ndi wakale yemwe uja ndiye sakumvana, anthu sakumva kanthu.

Koma musanagwire china chilichonse werengani masiku. Ngati mnyamatayo anapanga upgrade osafufuta zakale, Windows imakupatsani masiku 10 okha oti mutha kubwerera ku yakale, mumalowa Settings, System, Recovery kenako Go back. Masiku amenewo akadutsa batanilo limafa. Suzumirani mu C: ngati muli foda yolembedwa Windows.old, ngati ilimo musaifufute ngakhale malo achepe bwanji. Sindikunena kuti mubwerere lero, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 ndipo kukhala pa iyo mpaka kalekale si nzeru makamaka inu amene mumalowetsa ma flash a anthu osiyanasiyana tsiku lonse, koma kashopu ka nyimbo sikangakhale chete, khomo lothawira likhale lotsegula.

Tsopano dinani batani lakumanja la mouse pa Start musankhe Device Manager, mutsegule pomwe alemba Sound, video and game controllers. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Malaputopu ambiri pamayenera kuoneka dzina la Realtek, ena akale a HP pamakhala IDT kapena Conexant. Mukaona katrayango kachikasu, kapena dzinalo palibe koma kumunsi kuli Other devices ndi kanthu kosadziwika, dziwani kuti sound card ili moyo, Windows ikuiona koma sikudziwa kuti ilankhule nayo bwanji. Dinani kumanja pa dzinalo, Uninstall device, muzimitse ndi kuyatsanso kudzera pa Restart. Ikamadzuka imaika driver payokha ndipo kambiri mawu amabwerera pomwepo.

Zikakanika pitani pa webusaiti ya HP yeniyeni, mulembe nambala ya model yomwe ili kunsi kwa laputopu, mutsitse driver ya audio. Apa pali kanthu kena komwe anthu ambiri sadziwa. Malaputopu ambiri omwe timagula kuno ndi akale, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso, ngati purosesa ndi ya Intel, ikhale yoyambira 8th gen kupita m'tsogolo, ndiye anyamata amaiika mokakamiza pa makina omwe sakukwanira. Mukapita pa webusaiti mupeza kuti driver ya Windows 11 ya model yanu kulibe. Osataya mtima, tengani ya Windows 10 ya 64-bit, kawirikawiri imagwira ntchito ndithu. Ndipo chonde, chonde, osatsitsa timapulogalamu tija timati tikupezerani ma driver onse kamodzi, timangokuthera bandulo ndi kukubweretserani zinyalala m'makina. Poika driver batire likhale lodzadza, magetsi athuwa mukuwadziwa.

Palinso kena kachidule: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe services.msc, mufufuze Windows Audio ndi Windows Audio Endpoint Builder, zonse ziwiri zikhale Running. Ngati sizili choncho ziyatseni.

Kwa ena omwe mukuwerenga kuno ku Salima, mwina kwanu ka X kofiira palibe, volume ikuoneka ikuyenda koma chete. Imeneyo ndi nkhani ina. Windows yatsopano imatha kutumiza mawu kumalo kolakwika, ku TV kapena pulojekita yomwe mwalumikiza ndi HDMI, kapena ku kasipika ka Bluetooth komwe kali m'chikwama. Lowani Settings, System, Sound musankhe Speakers. Ngati mawu akutuluka koma akuthetheka kapena akumveka ngati ali m'chitini, pa tsamba lomwelo dinani pa sipikayo muzimitse Audio enhancements. Ndipo ngati ndi maiki yomwe yafa, anthu sakukumvani pa Zoom, onani Privacy & security, Microphone, mwina yangotsekedwa basi.

Kubwerera kwa inu achimwene a ku Nkhotakota, pali njira imodzi yomwe imathetsa mkangano ndi wokonza uja popanda kutukwanizana. Pezani flash yomwe ili ndi Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, muyatse laputopu kuchokera pa flash-yo, musankhe Try Ubuntu, osati Install, mafayilo anu sakhudzidwa. Ikani nyimbo. Ikalira, sound card ilibe mlandu ndipo ndalama zanu zikhale m'thumba. Ikapanda kulira kumenekonso, yesani ma headset, chifukwa mwina ndi masipika okha afa kapena kabowo ka jack kadzadza fumbi. Ngati zonsezo zili zii ndiye mwina wokonzayo akunena zoona, komabe musalole kutsegulitsa motherboard musanayese ka USB sound card, kachipangizo kakang'ono kobaya pa USB kokhala ndi mabowo ake a headset ndi maiki, n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kukonzetsa ndipo pa ntchito yanuyo kakwanira.

Mundilemberenso model ya laputopuyo ndi zomwe mwaona mu Device Manager, komanso tsiku lomwe Windows 11 inaikidwa kuti tidziwe masiku 10 aja atsala angati.