Mukufuna amayi aja atsale? Amayi amenewo ndine

Achimwene ena a ku Nkhotakota anditumizira imelo. Iwo ndi anzawo akuntchito akukonza zokagona m'kanyumba ka pamwamba pa phiri la Mulanje kumapeto a sabata, koma pagulupo pali amayi ena achikulire amene akuti akawachedwetsa. Akufunsa kuti awauze bwanji mwaulemu kuti atsale.

Achimwene, nditawerenga ndinayamba ndatereka tiyi kuti mtima utsike, chifukwa amayi amenewo ndine.

Ifenso tinapita chimodzimodzi. Tinanyamuka kuno ku Salima Lachisanu titaweruka, pa minibasi ya hayala, kudzera ku Golomoti, Balaka, Zomba mpaka Limbe, n'kukafika ku Likhubula anthu atagona kalekale. M'mawa tinapeza gaidi ndi anyamata awiri onyamula katundu pa ofesi ya zankhalango, n'kuyamba njira ya Skyline yopita ku Chambe Hut. Pogawana katundu, poto, ufa ndi usipa wonse zinagwera ine, ati amayi ndiwo amadziwa za kukhitchini. Anyamata athu ananyamula sipika.

Skyline siyinyengerera munthu. Imangokwera, osapumira. Ife a kunyanja tinazolowera mchenga wathyathyathya, phiri lathu lalikulu ndi timapiri ta ku Senga Bay. Timadziwa chambo, Chambe sitimudziwa. Ola limodzi lisanathe nyimbo za pa sipika zija zinayamba kumveka patali, kenaka zii. Gaidi anathamangira gulu lakutsogolo poopa kuti lingasochere. Ine ndinakhala pamwala, mawondo akunjenjemera, thukuta likulowa m'maso, ndikudzifunsa chimene ndinadzera.

Amene anandibwerera ndi mmodzi mwa onyamula katundu aja, kamnyamata kowonda kovala mapatapata. Sanalankhule zambiri. Anatenga chikwama changa n'kuchisanjika pamwamba pa chake, nati, "Amayi, phiri silithawa. Muziponda pomwe ndaponda ine." Tinayenda choncho, masitepe makumi awiri, kupuma, masitepe makumi awiri. Masana nkhungu inatsika mwadzidzidzi, yoti munthu ali apo osamuona, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake anthu a kumeneko akamatchula chiperoni saseka.

Tinafika dzuwa litapendeka. Akatswiri aja ndinawapeza ataunjikana pa moto umene mlonda wa nyumbayo anawasonkhera, milomo itauma, chifukwa ufa wonse unali ndi nkhalamba yochedwa ija. Wina bondo litatupa. Nsima ndinaphikabe, koma ndinaomola yoyamba ya mnyamata wa mapatapata uja.

Poyamba ndimafuna ndikuyankheni mofatsa kuti zimatengera munthu. Ayi, ndasintha. Gulu limene likuwerengera kale amene adzalichedwetse lisanaponde n'komwe phirilo, vuto lake si amayiwo. Mukuthamangira chiyani? Nyumbayo siyitseka geti. Mpikisano wothamanga m'phirimo ulipo wake, wa chaka ndi chaka, kalembetseni kumeneko ngati miyendo ikuyabwa. Zimene ndaona ine n'zakuti ofulumirawo amangofuna kukafika msanga kuti ajambulitse za pa Facebook kuwala kusanathe.

Ndiye pali nkhani ya Sapitwa. Aliyense akamva kuti ndi mamita 3,002 amayamba kulumbira kuti akafika pamwamba. Kuchokera ku Nkhotakota, ndi Loweruka ndi Lamulungu lokha? Msewu wokha ukudyerani tsiku popita, tsiku pobwera. Nyanja yathuyi siyifika n'komwe mamita 500, thupi lanu silinaonepo zoterozo. Za mizimu ya kumeneko sindilowako, koma dzinalo analipereka anthu oti phirilo amalidziwa.

Kuzizira nakonso! Mwera wa mu Juni umene timadandaula nawo kuno ndi masewera. Ine ndinagona nditavala majuzi awiri, chitenje kumutu, masokosi m'manja, mano akugundanabe mpaka mbandakucha.

Nanga muchite chiyani?

Musawauze kuti atsale. Auzeni zoona, kuti njirayo ndi yokwera kwa maola angapo, asankhe okha. Loweruka lina pitani nonse ku nkhalango ya Ntchisi mukayese miyendo, mwina mudzadabwa amene ayambe kupempha madzi. Pemphani tchuthi cha Lachisanu kuti muyende masana. Sonkhani ndalama ya wonyamula katundu wa amayiwo, ndipo gaidi musamunyenyerere mtengo, ndiye akudziwa pomwe nthaka inagumuka ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Chakudya, tochi, zofunda ndi jekete ya mvula tengani zanu. Woyenda pang'onopang'ono akhale kutsogolo, kumbuyo kwa gaidi.

Potsika dzerani njira ya Chapaluka. Ife tinadzera komweko, ndipo pa Dziwe la Nkhalamba anyamata aja anangoviika zala n'kubwerera ati madzi akuluma. Ine ndinalowamo ndi chitenje chomwe, poti dziwelo ndi la ife eni dzina.