Za rauta yako ija, msuweni

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Pa gulupu paja wafunsa kuti inveta yabwino, chija chosintha moto wa batire kukhala ngati wa pa soketi, ndi iti, ya mawati angati. Koma iwe ndimakudziwa, kuphika suphika, kusita umasitiridwa, ndiye inveta ya mawati 1000 ukufuna uyatsire chani? Nkhani ndi ya makalasi ako a pa intaneti aja, magetsi akangothima uli pakati poyankhula basi wasowa, ukabweranso anthu apita kale patsogolo. Si choncho? Usakane.

Dikira kaye, ndikukumbutse za ankolo. Ayi, osati akuluwo, ang'ono aja, a galimoto yobiriwira ija. Nthawi ija ankatsatira mpira pa intaneti, magetsi atayamba kuvuta anati ine mwana wa munthu sangandiphunzitse za mawaya. Anachotsa batire m'galimoto, kulinyamula mpaka pabalaza, kubwereka kainveta kwa mnzawo wina, kumangirira. Poyamba inali rauta yokha, kabokosi kaja ka wifi, zinkayenda bwinobwino, kenako anati aaa bwanji TV, kenako fani, kenako ana onse anzere ndi machaja awo. Azakhali kuwauza kuti bambo mawa tili ndi ulendo, iwo kuyankha kuti batire ndi langa ndikulidziwa. M'mawa kulibwezera m'galimoto, kupotokola kiyi, kungomva ke ke ke, basi zii. Unalipo iwe, unakankha nawo... ayi, unali kusukulu eti, anakankha anali akulu ako aja ndi ine, mpaka kotsetsereka kuja. Ndipo sanasiye ayi, anapitiriza usiku ndi usiku mpaka batire linasiyiratu kugwira moto. Batire la galimoto analipangira kuti litulutse mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako injiniyo ilibwezere. Ukamalikama mpaka pansi mobwerezabwereza limafa msanga. Mpaka lero ukawakumbutsa amati linali lofoka kale, ndipo usawaputenso pa gulupu pano, akumva.

Mmm, ndimati chani... eya, inveta. Rauta siidya magetsi a pakhoma aja mwachindunji. Kachaja kake kakuda kaja, adaputa, kamawatsitsa kufika pa 12V, zina 9V kapena 5V. Ndiye taganiza, batire lili ndi 12V kale, inveta ikukweza kufika 230V, adaputa ikutsitsanso kubwerera pa 12V, paliponsepo mphamvu ina ikutayika ngati kutentha, ndipo inveta payokha imadya ngakhale usanalumikizepo kanthu. Zonsezo chifukwa cha kabokosi kongodya mawati 10 mwinanso osafika. Kuli ngati kuyitana lole kuti idzanyamule chikwama chimodzi.

UPS yaikulu ya kompyuta ija nayonso usaithamangire. Zambiri mkati muli batire la 12V 7Ah, ntchito yake ndi kukupatsa mphindi zochepa kuti usunge ntchito yako uzimitse kompyuta bwinobwino, ndipo imalira pii pii mpaka mutu kuwawa.

Ndiye chimene ukufuna iwe ndi kaja amati mini UPS, kabokosi kakang'ono kokhala ndi mabatire a lithium mkati. Kamakhala pakati pa soketi ndi rauta, magetsi akakhalapo kakudzichaja kwinaku rauta ikuyaka, akathima kamangopitiriza pompo, rauta osaphethira n'komwe. Phindu lake lagona pamenepo, chifukwa rauta ikazima ngakhale sekondi imodzi imayambiranso, ndipo mphindi ziwiri zodikira zija ndi zimene zimakutulutsa m'kalasi.

Koma usanagule tembenuza adaputa uwerenge pamene palembedwa kuti output. Ngati ndi 12V 1A, ka UPS kakhale ka 12V ndendende, ma amp akhoza kuposa koma asachepere. Ukaika 12V pa rauta ya 5V wawotcha. Pulagi yozungulira ija uyang'anenso, zambiri ndi 5.5 ndi 2.1 mm, pulasi ili pakati, koma zina zimasiyana, kachithunzi kake kali pa adaputa pomwepo. Aaa ndipo, iwe uli pa faiba eti? Ndiye mabokosi ndi awiri, kamene kalowa waya woonda uja ndi rauta. Onse afunika moto, ukapatsa rauta yokha wifi izioneka pafoni koma intaneti mulibe. Pezani... peza ka UPS kotulutsa mawaya awiri.

Ndikudziwa unena kuti nanga pawabanki yanga. USB wamba imatulutsa 5V, ndiye pamafunika kawaya kokweza kufika 12V. Zimatheka, koma ya 10000mAh ija mkati ndi 3.7V, kutanthauza 37Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), uchotsepo zotayika, rauta yokha mwina maola atatu, mabokosi awiri ndiye kuchepera apo. Komanso mapawabanki ambiri amadula pang'ono magetsi akathima kapena akabwera, rauta n'kuyambiranso. Pogula ka UPS uziyang'ana Wh, osati mAh yekha, ugawe ndi mawati a mabokosi ako, maola ako ndi amenewo, uchotsepo pang'ono.

Chinanso, ngati mbali ya kampani ya intaneti nako kwathima, tawa mabatire ake atha, ka UPS kako sikangathandize, uzingokhala ndi kabandulo pafoni ka netiweki ina kongodikirira.

Ndiye msuweni inveta isiye kaye, ka mini UPS kogwirizana ndi adaputa yako, mabokosi onse awiri. Laputopu ili ndi batire lake kale, uzingoichaja. Wamva? Osati uchoke pano ukagule chimphona chifukwa wogulitsa wakusekerera, iwe paja ukasekereredwa umagula chilichonse. Kakang'ono, ma volt ofanana, mawaya awiri. Jambula kumbuyo kwa ma adaputa onse awiri unditumizire kumbali, zilembo zioneke bwino, osati zithunzi zako zogwedezeka zija.